Mwana wa Imvi

Pa kauntala yofunsira zinthu anamuikapo Lolemba, chifukwa cha mawu. Mkazi ameneyu akalankhula, ngakhale za sopo wochapira, munthu unkatchera khutu ngati akulengeza maliro a m'bale wako. Anzake a m'sitolomo anamupatsa dzina loti Wailesi, ndipo linamumatirira moti dzina lake lenileni linangotsala pa chitupa. Zaka zitatu anakhala akusanja mapoto ndi mabeseni kumbuyo kwenikweni, ndiye kuitanidwa kutsogolo, pafupi ndi zitseko zagalasi zotseguka zokha, kunali kukwezedwa ndithu, ngakhale mpando wa pamalopo unali wothyoka mwendo umodzi.

Sitolo yake inali yaikulu mopanda ulemu. Ukalowa kukagula babu limodzi, unkatuluka ndi mtsamiro, ndowa ndi njala. Pansi panali mizere makumi anayi ya mashelefu, pamwamba mabedi ndi makatani, pakati masitepe oyenda okha amene ankalira tsiku lonse ngati mbuzi yomangidwa. Mawindo munalibe, wotchi munalibenso. Eni sitolo sankafuna kuti munthu akumbukire kuti kunja kuli dzuwa ndi ana.

Chimene chinamusangalatsa Wailesi pa kauntalayo si ulemu ayi, koma nthawi yowerukira. A kutsogolo ankaweruka hafu folo, ndipo sukulu yamkaka ya mwana wake wamkazi inkatseka faifi koloko. Mwezi wathawo anachedwa katatu. Kachitatuko aphunzitsi, atatopa kulondera mwana wa eni, anaimba nambala yachiwiri ya pa fomu, imene inali ya apongozi ake. Apongoziwo, chichokereni mwana wawo wamwamuna kupita kukagwira ntchito kutali n'kuiwala kuimba foni, mtima wawo wonse unali pa mdzukulu. Tsiku limenelo analankhula pageti pomwepo, aphunzitsi akumva.

“Mukadzachedwanso kamodzi, mwanayu ndikumutenga akakhale kwa ine. Achibale onse ndawauza, ndipo avomereza.”

Wailesi ankadziwa kuti sikunali kuopseza chabe. Chipinda cha mwanayo apongozi anali atachipenta kale, ndi katani yomwe ataikamo.

Lachisanu, kutatsala mphindi khumi kuti aweruke, chikwama chili kale pamwendo, anamva kakugogoda pa kauntala.

“Anti, ndasochera.”

Mawu anali okhuthala, a munthu wamkulu. Wailesi atadzutsa mutu anaona bambo wa zaka za m'ma sikisite, imvi mutu wonse, ndevu zofika pachifuwa. Anavala kabudula wa buluu amene anang'ambika kalekale m'mbali monse chifukwa chothina, n'kulumikizidwa ndi timawaya tomangira timapepala ta mitengo ya katundu. Nsapato zinali zatsopano, zosiyana mtundu, zonse ziwiri za phazi la kumanzere, pakuti zoika pachionetsero zimakhala za phazi limodzi. Anaika chibwano pa kauntala, ngakhale kuti kutero kunafuna kuti awerame kwambiri.

“Mwasochera bwanji, agogo? Munabwera ndi ndani?”

“Ndi amayi.”

“Amayi anu enieni?”

“Eee. Anati ndiime pa sopo.”

“Muli ndi zaka zingati?”

Bamboyo anakweza dzanja limodzi lonse ndi chala chimodzi cha dzanja linalo. Zala zake zinali ndi makwinya, zikhadabo zazitali, koma anaziwerenga mosamala, milomo ikugwedera.

Wailesi anaganiza mofulumira, monga amaganizira munthu amene maso ali pa chitseko. Ameneyu ndi mkulu wina amene mutu unayamba kumusiya, abale ake ali pompano akusankha tomato, akangomva atulukira. Pepala la malamulo linali litamatidwa pa kauntala pomwepo, ndipo oyang'anira sitolo, amene aliyense ankawatchula kuti a Fayilo chifukwa cha chimene chinkakhala m'khwapa mwawo, anamuwerengetsa mokweza Lolemba lija. Mwana wosochera alengezedwe. Asasiyidwe yekha. Wa pa kauntala asaweruke mpaka womutenga atasaina. A Fayilo anawonjezerapo lawo: maikolofoni si choseweretsa, wolengeza bodza chitseko ndi icho. Za msinkhu wa mwanayo pepalalo silinanenepo kanthu.

Anadina batani, n'kutulutsa mawu ake aja.

“Makasitomala athu okondedwa, pa kauntala yofunsira zinthu pali mwana wosochera. Wavala kabudula wa buluu. Mayi ake, chonde bwerani mudzamutenge.”

Za ndevu anazisiya, anaona kuti zikhoza kusokoneza anthu.

Nyimbo ya m'masipika, imene inkaimba chibwereze kuyambira m'mawa, inaduka pakati. Kenako mafiriji onse anasiya kung'ung'udza. Wailesi anali asanadziwepo kuti mafiriji amenewo amapanga phokoso mpaka pamene anakhala chete. Chapatali, kumbuyo kwa sitolo, kunamveka kulira kwa teyala la kangolo kogulira zinthu. Linayankhidwa ndi lina, kenako lina.

Mlonda wa pakhomo anabwera akuthamanga, kapu ya tiyi ili m'manja, tiyiyo atatsala m'malaya. Anali mkulu wachikulire amene chipewa chake sichinachokepo kumutu, ndiye dzina lake linali lomwelo.

“Mwalengeza? Mayi, mwalengeza?”

“Ndiye malamulo, a Chipewa.”

“Palibe anakuuzani? Ameneyu salengezedwa. Mumangomupatsa bisiketi, amabwerera yekha ku sopo.”

“Ndi ndani ameneyu?”

“Ndinamupeza. Amene ndinamulowa m'malo anamupezanso.”

Wailesi anatsitsa mawu. “Ndi mzukwa?”

“Mzukwa sukalamba, mayi. Uyu ndamuona ndi maso angawa akumera imvi. Chimene ali sitikuchidziwa.” A Chipewa anayang'ana kumene kunkachokera kulira kwa mateyala. “Koma akubwerawo ndiye sakalamba.”

Woyamba anatulukira pakati pa shelefu ya mpunga ndi ya shuga, pamalo pamene Wailesi ankadziwa bwino kuti palibe njira. Anali mayi wovala diresi la maluwa, la masokedwe amene anasiya kuoneka kalekale. Nkhope yake inali yotuwa ngati sopo wouma, ndipo maso ake sankaphethira. M'kangolo kake munali buledi wobiriwira ndi zitini za mapepala ofwifwa. Wachiwiri anatsika pa masitepe okwera, mosavutika. Wachitatu anatsegula chitseko cha firiji ya nkhuku kuchokera m'kati, n'kuchitsekanso bwinobwino, monga munthu woleredwa. Anapitiriza kutuluka, m'makatani, kuseri kwa matayala a njinga, pansi pa tebulo la zotsika mtengo, aliyense ndi kangolo kake, aliyense khosi lili m'mwamba ngati munthu wofunafuna wina pagulu.

Chimene chinamuopsa kwambiri Wailesi ndi chakuti sanalimbirane. Anaima pamzere, mwaulemu, wina kumbuyo kwa mnzake. Mzere unadutsa pa mabasiketi, kukhota pa mafuta ophikira, mpaka kukazimiririka ku zothira m'maluwa. Anafika makumi atatu ndi mphambu, Wailesi n'kusiya kuwerenga. Ndipo popeza munthu akaona mzere m'sitolo miyendo imaganiza yokha, makasitomala amoyo anayamba kuimanso. Bambo wina wonenepa, atanyamula fani ya m'katoni, analowa pakati n'kufunsa mayi wa m'firiji uja kuti kodi kutsogoloko akugawa chiyani. Mayiyo sanayankhe. Bamboyo anati zikuoneka kuti ndi zabwino, popeza anthu sakufuna kuulula.

Foni ya Wailesi inkati hafu folo yakwana.

A Fayilo anafika akuyenda mwa masiku onse, fayilo ili m'khwapa. Sanayang'ane mzerewo ngakhale kamodzi. Maso awo anali pa kauntala, koma thukuta linkatsika m'makutu.

“Mwalengeza, mumalize. Aliyense wobwera amuone mwanayo, mwanayo amuone, mulembe pa fomu kuti ayi kapena inde.”

“Bwana, nthawi yanga yakwana. Mwana wanga ali kusukulu.”

“Ndime yachitatu ya malamulo.”

“Bwana, mwawaona anthuwa koma?”

“Kasitomala ndi kasitomala,” anatero a Fayilo, akuyang'ana cholembera. “Ine sindiona nkhope.”

Mayi wa diresi la maluwa anasendera pafupi. Fungo lake linali la kabati yotsekedwa zaka zambiri. Anagwira mutu wa bambo uja ndi manja awiri, kuutembenuza uku ndi uku, kupinda khutu, kusuzumira kuseri kwake, kenako kununkhiza paliwombo. Bamboyo anangoima chilili, maso ali pansi, manja kumbuyo.

“Si wanga,” anatero mayiyo. Mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'chitini. “Wanga ali ndi chipsera apa. Ndinangotembenuka kuti ndione mtengo wa mafuta.”

Wailesi analemba ayi.

Wachiwiri anati wake ndi mtsikana, koma angoona, mwina. Anaona, n'kupukusa mutu. Wachitatu anamutsegula pakamwa kuwerenga mano, napeza kuti ndi ochepa kwambiri ngakhale kwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Wachinayi anamupukuta kamphuno ndi nsonga ya mpango, anamukonza kolala, ndiye n'kunena kuti si wake. Aliyense ankamaliza ndi chiganizo chake. Ndinangopita kukabweza kangolo kolira. Ndinangoima kupereka moni. Ndinangomusiya dzanja kuti nditole chikwama. Akatero sankachoka, ankangoima pambali, khosi m'mwamba, kudikira.

Wailesi anachita mantha, koma chisoni chinkalowanso, ndipo ziwirizi zinamukwiyitsa chifukwa zonse zinkadya nthawi. Anayesa kufulumizitsa. “Wotsatira. Wotsatira, mayi.” Koma mayi amene wafunafuna mwana zaka makumi anayi sungamuuze kuti aone khutu mwachangu. Bambo wa fani atafika kutsogolo anayang'ana wa ndevuyo, n'kufunsa ngati kutenga kwake n'kwaulere. A Fayilo anati ayeneranso kulembedwa. Wailesi analemba ayi, n'kuboola pepala.

Kotala tu faifi inadutsa ali pa mayi wachisanu ndi chinayi. Faifi koloko inamupeza ali pa wa nambala sikisitini. M'mutu mwake ankaona geti la sukulu, benchi ya simenti, ndi mwana wake atakhala pamenepo, kachikwama kali kumsana, miyendo isakufika pansi. Ankaonanso aphunzitsi akuyang'ana wotchi, ndi chala chawo chikutsika pa fomu kuchoka pa nambala yoyamba kupita pa yachiwiri.

Pakati pa mayi wina ndi mnzake anawerama n'kufunsa bamboyo monong'ona.

“Iwe, amayi ako amaoneka bwanji? Ndiuze, tiwapeze msanga.”

Sanazindikire kuti wasiya kumutchula agogo.

“Aatali. Anati ndiime pa sopo, akukatenga kangolo.”

“Anapita mbali iti?”

Bamboyo analoza zitseko zagalasi. “Uko. Ananyamula chikwama chachikulu chija cha zovala. Ankalira, koma anati ndi chimfine.”

Wailesi anayang'ana a Chipewa. A Chipewa anayang'ana m'kapu yawo yopanda kanthu.

“Onsewa ndi amene anafunafuna,” anatero mlondayo motsitsa. “Anafunafuna mpaka anaiwala kutuluka. Ake a uyu mumzeremu mulibe, mayi. Sanamutaye, anamusiya. Mukhoza kulemba ayi mpaka mawa.”

Pamenepo foni inalira. Anali aphunzitsi. Foni ya Wailesi inagwapo m'beseni chaka chatha, ndiye kuti umve munthu unkayenera kuika pa sipika. Anaiika pa kauntala, pafupi ndi maikolofoni, osaona kuti chigongono chake chatsamira batani.

Mawu a aphunzitsi anatuluka m'masipika onse a m'sitolo, kuyambira ku nyama mpaka ku mabedi.

“Make mwana, muli kuti? Anzake onse apita. Mwana wanu ali yekhayekha pano pageti, akungoyang'ana kumsewu. Ine ndawaimbira agogo ake.”

Wailesi anachotsa chigongono, koma madzi anali atatayika kale. Mateyala onse anasiya kulira. Makosi makumi atatu ndi mphambu anatembenuka nthawi imodzi, ena kupitirira pamene khosi limayenera kulekezera.

“Ali yekha,” anatero wa diresi la maluwa.

“Pageti,” anatero wa m'firiji.

“Mtsikana?” anafunsa uja wa mtsikana. “Wanga ndi mtsikana.”

Mzere unatha. Anasiya timangolo tawo pomwepo n'kulunjika kuzitseko, osathamanga, koma osaimanso. Zitsekozo sizinatseguke. Kadiso kamene kamaona munthu akamabwera sikankawaona. Anafika pagalasi n'kuima, mphumi zitagunda, manja atatambasula, a kumbuyo akukankha a kutsogolo, galasi likulira pang'onopang'ono.

A Chipewa anataya kapu n'kuthamangira kukatchinga amoyo. “Pasapezeke woyandikira chitseko. Bambo inu a fani, bwererani. Mukangofika apo chitseguka.”

“Ndalipira kale ine.”

“Kaoneni mafani ena, alipo abwino kuposa imeneyo.”

Wailesi anaimirira. Tsopano zinthu zinamuonekera bwinobwino, ndipo zinali zoipa mbali zonse. Akakhala, apongozi atenga mwana. Akatuluka, chitseko chitsegukira iye, n'kutsegukiranso onsewo, ndipo anthu amene satopa, saphethira, sadikira magalimoto, akafika pageti iye asanafike. Akamugwira mwana wake mutu, kumupinda khutu, kumununkhiza paliwombo. Ndipo mmodzi wa iwo, mwina uja wa mtsikana, akhoza kunena kuti inde.

Anamva kanthu kozizira kakugwira chala chake. Linali dzanja la bambo uja, lozizira ngati paketi ya nkhuku.

“Anti, musachite mantha,” anatero. “Saluma. Amangoona, kenako amati si wanga.”

Analankhula ngati munthu amene anazolowera, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka Wailesi. Anakoka fomu. Pansi pake panali malo a womutenga mwana: dzina, siginecha, ubale ndi mwanayo. Analemba dzina lake lenileni lija la pa chitupa, anasaina, ndipo pa ubale anaima kaye pang'ono. Bokosilo linali laling'ono, lokwana mawu amodzi. Analemba kuti mayi.

A Fayilo anaitenga fomuyo, kuiwerenga kuyambira pamwamba, ngati nthawi ndi yawo.

“Mwana ayenera kuvomereza,” anatero. Kwa nthawi yoyamba anayang'ana bamboyo kumaso. “Iwe, awa ndi amayi ako?”

Bamboyo anayang'ana Wailesi nthawi yaitali. Kenako anagwedeza mutu kuvomera. A Fayilo anatulutsa chidindo m'thumba, kuchiuzira mpweya, n'kudinda. Anang'amba kapepala ka pansi n'kumupatsa Wailesi, monga amachitira ndi munthu wogula firiji.

“Mwaweruka,” anatero.

Kunatsala chitseko. Wailesi anayang'ana misana ija itaunjikana pagalasi, n'kuyang'ana maikolofoni. Ankadziwa chimene chingawachotse, ndipo chinamunyansa asanachichite n'komwe. Anadina batani, nakonza mawu ake kuti akhale okoma kuposa masiku onse.

“Makasitomala athu okondedwa, pamwamba, ku makatani, kwapezeka mwana. Akulira, akuitana mayi ake.”

Mphumi zinachoka pagalasi. Anatembenuka mmodzimmodzi n'kuyamba kulowera ku masitepe, okwera ndi otsika omwe, ena akukonza tsitsi ndi manja, ena akupukuta m'maso mouma kale. Wa diresi la maluwa anali womaliza. Podutsa pa kauntala anaima, n'kupinda maondo pang'ono.

“Zikomo, mwanawe,” anatero. “Mulungu akusungire wako.”

Wailesi akanakonda mayiyo akanamutukwana. Manyazi anamugwira mpaka m'mano, ndipo anadziwa kuti zikomo ameneyo adzamumva kwa zaka zambiri.

“Limenelo ndi bodza,” anatero a Fayilo, akutsegula fayilo. “Lolemba mudzandione mu ofesi.”

“Ndidzakuonani, bwana.”

Anagwira dzanja lozizira lija n'kulikoka. Chitseko chinatseguka, a Chipewa anachita sawatcha, ndipo bambo wa fani anatuluka nawo limodzi akudandaula kuti sitolo imeneyi sadzabweranso.

Kuchokera pasitolo kukafika kusukulu unali ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu kwa munthu woyenda yekha. Wailesi sanali yekha. Mwana wake watsopanoyo atangoona dzuwa anaphimba kumaso n'kukhala pansi. Atadzuka anaopa njinga yamoto, anaopa galu, anafuna kutola kabotolo. Nsapato zake za kumanzere zokhazokha zinkamukhotetsera mbali imodzi, moti pakapita mayadi khumi Wailesi ankachita kumuwongola ngati kangolo ka teyala lopindika. Anthu a m'njira ankaima kuonerera mayi wa yunifolomu akuthamanga ndi nkhalamba ya kabudula, akuikalipira kuti inyamule mapazi. Pamphambano bamboyo anati akufuna kukodza. Wailesi anamuuza kuti agwire, ndipo anadabwa kumva mmene mawuwo anatulukira mosavuta.

Anafika hafu faifi itadutsa. Pageti panali anthu atatu. Aphunzitsi anali ndi makiyi m'manja. Apongozi anali atavala diresi lawo lopitira ku misonkhano, kachikwama ka mdzukulu atakakoleka pamkono ngati chikho chimene apambana. Mwanayo anaima pakati pawo, m'masaya muli mizere ya misozi youma.

Wailesi anafuna kulankhula koma mpweya unamuthera. Apongozi ndiye anali nawo wokwanira.

“Aphunzitsi, mwaona nokha. Ine sindilankhula zambiri. Ndinanena, ndipo munali pompano. Mayi wanji wosiya mwana pageti mpaka dzuwa kupendeka? Mwana kulira, kuyang'ana kumsewu, galimoto iliyonse kuyesa ndi amake. Mukudziwa mmene mwana amamvera akamadikira choncho? Simukudziwa. Zovala zake ndidzatuma munthu mawa.”

Wailesi ankadziwa kuti zonsezo zinali zoona. Anangoyang'ana mwana wake, mwanayo n'kuyang'ana pansi.

“Koma abwera.”

Anali bambo uja. Anali atabisala kumbuyo kwa Wailesi, ngakhale ankamupitirira ndi mutu wonse, ndipo tsopano anasuzumira paphewa pake.

“Agogo, onani, abwera. Athamanga njira yonse. Agwa kamodzi pa ngalande, onani bondo.” Anayang'ana kamtsikanako, n'kulankhula nako ngati mnzake wa m'kalasi. “Iwe wadikira pang'ono. Ako amabwera. Anga sanabwere.”

Aphunzitsi anasiya kuseweretsa makiyi.

“Kodi inu ndinu ndani?” anafunsa apongozi.

Bamboyo anasolola kapepala kodinda kaja m'dzanja la Wailesi n'kukapereka ndi manja awiri. Apongozi anawerenga, milomo ikuyenda, mpaka pa bokosi laling'ono lija. Pobweza, zala zawo zinakhudza zala zake. Anachotsa dzanja msangamsanga n'kuliika m'khwapa. Anayang'ana ndevu, kabudula, nsapato, kenako maso ake, ndipo m'masomo anaonamo chinthu chimene chinawachotsa mawu onse amene anakonza m'njira. Kachikwama kanatsetsereka pamkono n'kugwa pansi.

Mwanayo anakatola yekha, anakakoleka kumsana, n'kupita kukagwira dzanja la amake limene linali lopanda munthu.

Palibe anawaletsa. Apongozi anatsala pageti akufunsa aphunzitsi ngati ali ndi madzi akumwa.

Anayenda atatu, Wailesi pakati, dzanja lina lofunda, lina lozizira mpaka m'chigongono. Bondo linkawawa. Kunyumba kunali chipinda chimodzi, bedi limodzi ndi mbale zitatu, imodzi yake yong'aluka. Lolemba kunali a Fayilo. Pamwamba pa sitolo, ku makatani, amayi makumi atatu ndi mphambu ankatsegula katani iliyonse. Wailesi anayesa kuganiza chimodzichimodzi, koma zonse zinkabwera pamodzi.

“Amama,” anatero mtsikanayo, atasuzumira kutsogolo kwa amake kuti amuone bwino mnzakeyo, “amenewa ndi aakulu kwa ine kapena aang'ono?”

“Ali ndi sikisi. Iwe uli ndi folo.”

“Ndiye achimwene?”

“Yenda, tikakambirana kunyumba.”

Pamsewu waukulu anaima kudikira magalimoto. Dzanja lozizira lija linafinya pang'ono.

“Amayi,” anatero bamboyo, akuyesa mawuwo mosamala ngati nsapato yatsopano, “mukapita kuntchito, muzibweranso?”

Mtsikanayo nayenso anadzutsa mutu kudikira yankho. Wailesi anawayang'ana onse awiri, wa misozi youma ndi wa imvi, ndipo anachita mantha kuposa amene anachita m'sitolo muja.

“Ndizibwera,” anatero. “Gwirani zolimba, tiwoloke.”